Jenereta yanga ndi munthu wa pa polo

Loweruka lapitali, dzuwa lili paliwombo, ndinatsala pang'ono kupha munthu. Mpaka lero ndikaona polo ya magetsi ndimayamba ndayang'ana m'mwamba.

Mukudziwa nonse mmene magetsi akuzimirazimira kuno ku Katete. Akazi anga amaweta nkhuku, ndipo anatopa ndi kutaya nyama yowolera mu firiji. Tinagwirizana zogula jenereta.

Milungu itatu yathunthu mutu wanga unali pa mafuta. Petulo kapena dizilo? Kusukulu komwe ndimaphunzitsa aliyense anasanduka katswiri. Uyu akuti ya dizilo imakhalitsa ndipo siimwa kwambiri, koma imalira ngati chigayo. Uyu akuti ya petulo ndi yopepuka, koma chigubu cha petulo pafupi ndi mbaula ndi maliro okonzeratu. Ndinasankha yaing'ono ya petulo. Chigubu ndinachiika kutali ndi khitchini, jenereta pabwalo kuti utsi usatiphe m'nyumba. Ndinadziona wochenjera ine!

Koma za kalumikizidwe kake sindinafunse wodziwa. Safunsa anadya phula.

Alamu anga a Sakala, okonza mawailesi ku Sinda, anali atabwera kudzationa. "Alamu, musataye nthawi ndi amisiri," anatero. "Kwathu timangotere." Anatenga chingwe, kuika pulagi uku, pulagi uku. Mbali imodzi pa jenereta, inayo m'soketi ya pakhoma, nyumba yonse ngwee! Potsanzika anangoti, "Muzikumbukira kuzimitsa kaye swichi yaikulu."

Loweruka lija magetsi anazima m'mawa. Masana ndinaganiza za nkhuku za mu firiji, ndinakoka chingwe cholizira, jenereta inalira, firiji inayamba kung'ung'udza. Swichi yaikulu? Sinabwere n'komwe m'maganizo.

Sipanapite nthawi, ndinamva mai Zulu, oyandikana nafe, akukuwa uku akumenya geti.

"Aphunzitsi, zimitsani! Zimitsani! Kuli munthu pa polo!"

Ndinazimitsa, n'kuthamangira kumsewu wopanda nsapato.

Tsikulo sikunali kuzima kwa masiku onse kuja. A zamagetsi anali atazimitsa dala kuti akonze mawaya a mzere wathu. Magetsi a jenereta yanga anatuluka m'nyumba, kutsata waya mpaka pa polo pomwe bambo wina wa imvi anali atakwera. Anali atayesa kale, n'kupeza waya wakufa. Chinamupulumutsa ndi babu la pakhonde pa mai Zulu. Ali m'mwambamo analiona likuyaka, pamene magetsi a mzerewo anali atazimitsa yekha, ndipo anabweza dzanja.

Anatsika pang'onopang'ono. Ndinayembekeza kutukwanidwa, ndipo bola akadanditukwana. Iye anangondionetsa dzanja lamanja.

"Bambo, golovesi ndinavula kuti ndimange nati. Panatsala chonchi." Anasonyeza ndi zala ziwiri. "Akazi anga andimangira mbatata, zili m'galimoto umo. Mukadapita ndinu kukawabwezera?"

Ndinakhala pansi pa fumbi pomwepo. Mantha otere sindinawamvepo chibadwire.

Anzanga, yendani m'makomboni athu magetsi akazima. Mverani majenereta mmene akulirira. Ndi angati alumikizidwa ndi mmisiri, ndi kabokosi kosinthira magetsi, komwe sikalola magetsi a jenereta kubwerera ku polo ngakhale mwini wake aiwale? Timaopa wakuba, n'kuimanga ndi tcheni. Timaopa mtengo wa petulo. Munthu amene ali kumapeto kwa waya sitimuopera, chifukwa sitimuona.

Ndipo chingwe cha mapulagi awiri chija, mbali imodzi ikazuka pakhoma jenereta ikulira, mano a pulagiyo amakhala ali ndi magetsi. Mwana wokwawa akafika, muti bwanji?

Changa ndinachidula ndi nkhwangwa madzulo omwewo. Lolemba mmisiri anabwera kudzaika kabokosi. Kenaka ndinaimbira alamu.

"Aa, alamu, si ndinakuuzani za swichi?" anatero akuseka.

Inde anandiuza. Koma moyo wa munthu ungatsamire pa mutu wa mphunzitsi amene amaiwala magalasi ali pamphuno?

Ndinawafunsa ngati anapangirapo ena zingwe zotere. Anati, "Kumpingo kwathu ambiri ndithu. China ndinatumiza ku Vubwi."

Bambo wa pa polo uja anandiuza kuti sabata ino akukagwira ntchito cha ku Sinda. Inu a kumeneko, mukamakoka chingwe cha jenereta yanu, mukudziwa amene ali pa polo?