Sajeni Wosoka Zovala

A Telala sanagwirepo mfuti chibadwire. Tsiku limene adani analowa m'tauni, anawapeza pakhonde la sitolo atavala jekete ya sajeni wina imene ankaikonza, akudziyang'ana pagalasi kuti aone ngati mapewa akhala bwino. Anawakweza mulole mapini ali kukamwa.

Kumsasa wa akaidi a nkhondo, kalaliki anawerenga mizere itatu yapamkono, n'kukopera dzina limene linali pachifuwa.

"Bwana, ine ndimangosoka zovala."

"Sajeni aliyense akagwidwa amasanduka telala," anatero kalaliki uku akudinda.

Lamulo la pamsasapo linkati sajeni sagwira ntchito, amangoyang'anira. Choncho anzawo akamaphwanya miyala, iwo ankakhala pamthunzi manja ali lende, mabuluku ong'ambika kumbuyo akudutsa pamaso pawo. Zinkawawawa kuposa njala. Alonda atawapeza ndi singano yawaya, anawatsekera masiku atatu chifukwa chonyazitsa udindo.

Koma chimene chinkawadya mtima ndi akazi awo, amene m'mawa uja anangowatsanzika kuti abwera masana. Makalata ankaloledwa, bola ukhale ndi nambala yausilikali. A Telala manambala amene ankawadziwa anali a m'chiuno mwa anthu.

Patatha zaka zinayi nkhondo inatha, ndipo akaidi anawatengera pamlatho kukawasinthanitsa. Woitana mayina kutsidya anali mwini jekete uja.

"Sajeni ameneyo ndine," anatero. "Wachiwiri sitingalandire." Kenako anayang'anitsitsa jeketeyo. "Komanso inu munati ndidzaitenge Lachisanu."

A Telala anabwerera kumsasa ali mkaidi yekhayo. Kalaliki naye sakanapita kwawo buku lisanatsekedwe, moti awiriwa ankangoyang'anana ngati anthu odikira basi. Sabata yachitatu kalaliki zinamukwana.

"Achimwene, m'buku muno muli makomo awiri okha: kusinthanitsidwa kapena kufa."

"Ndipheni m'bukumo basi. Koma mulembe dzina langa lenileni, ndi kumene ndimakhala. Sindifera dzina la munthu wina."

Kalaliki analemba zonse mosamala, n'kuwatsegulira geti. A Telala anasangalala kwambiri. Sanaganize kuti ofesi imadziwitsa achibale a womwalira, ndiponso kuti kalata imakwera galimoto pamene malemu akuyenda wapansi.

Anayenda masiku asanu ndi anayi. Pofika anapeza mipando ili panja, yobwereka pamaliro awo, ana a aneba akuibweza umodziumodzi. Akazi awo anatulukira pakhomo maso atatupa, envelopu yachidindo ili m'manja. Sanakuwe, sanathawe.

"Zaka zinayi anthu akundiuza kuti munafa, ine ndikukana," anatero. "Ndinayambana ndi abale anu onse. Ndavomera dzana lomweli."

A Telala anagwira mpando umodzi umene mwana ankaunyamula, n'kupempha kuti uyambe watsala kaye.