Kamfundo ka m'mwendo wa agogo Yelemiya

Ndikati ndiwakumbukire agogo Yelemiya, amene anabala bambo anga, mphuno ndiyo imayamba: fungo la mafuta a nsatsi opaka pa mtengo wa mlombwa, losakanikirana ndi la chikopa cha ng'ombe chonyowa ndi thukuta, ndi kautsi ka fodya wopichirira m'khoko la chimanga. Kenaka makutu amatsatira. Go! Phazi. Go! Phazi. Tinkawamva asanaoneke, akuchokera kukhola mame asanaume, akukalipira ng'ombe ndi mawu ofika mpaka kutsidya kwa dambo, nkhuku zikubalalika, ife ana tikubisa zimene tinali kutola m'nkhokwe. Mwendo wawo wamanja unali wamtengo kuyambira pansi pa bondo, ndipo ku Bundabunda konse kunalibe munthu woyenda monyada ngati iwo.

Mawu aakuluwo ndinatengera ine. Kuno ku Kanakantapa ndikamaitana mbuzi zanga, za aneba nazonso zimabwera. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti ndidzatengeranso mwendo. Chaka chatha matenda a shuga anandidya phazi lamanzere, madokotala ku Lusaka n'kudula pansi pa bondo. Ponditulutsa, dokotala wina wamng'ono ngati mwana wanga anandiuza mosapsatira kuti chitsa chatsalacho chikangochita chilonda adzadulanso, ulendo uno pamwamba pa bondo, ndipo pa msinkhu wangawu ndiye kuti kuyenda kwatha. Sukulu ine sindinapite nayo patali, cholembera chimandilemera kuposa khasu, koma nkhani iyi ndiilemba ndithu.

Agogo anachoka ku Katete ali ndi miyendo yonse iwiri. Atakhazikika kale pamalo amene Asoli, eni dera la Bundabunda, anawapatsa, ngolo yodzaza matumba inawagubudukira pamtsetse. Kuchipatala cha mishoni anawapatsa ndodo ziwiri za m'khwapa. Atafika kunyumba anaziponya padenga, n'kutuma bambo kukadula mlombwa. Anausema okha ndi kasemasema, kumtunda n'kukumba ngati chikho kuti chitsa chizilowamo, n'kumangirira malamba a chikopa. Akuti tsiku limene anauvala anayenda mpaka kutchalitchi, n'kuima pakhomo kuti aliyense wolowa aone. Ine ndinabadwa mwendowo utada kale ndi mafuta. Munthu akafunsa ngati suwapweteka, ankaumenya ndi chikhatho, phwa! N'kunena kuti, "Ndinasema kamodzi, unandikwana. Wobwereza ntchito ndi amene saidziwa."

Nyengo yodzala ndi imene ndinkanyadira kukhala mdzukulu wawo. Ena ankakumba mapando ndi khasu, misana ili yopindika. Agogo ankangoyenda pamzere chilili, nsonga ya mwendo ikuboola dothi lonyowa, maenje ofanana kuya ngati anachita kuyeza, ine pambuyo ndi chigoba cha mbewu, kuponya ndi kufotsera ndi chidendene, dothi lofiira likununkhira mvula, iwo akuimba nyimbo za kutchalitchi molakwitsa mawu. Anthu odutsa ankaima kuonerera, ndipo agogo akaona kuti pali owayang'ana ankawonjezera liwiro.

Chimene panalibe anachionapo ndi mwendowo uli wovula. Ankalowa m'nyumba mwawo, kutseka ndi mpiringidzo, ndiyeno n'kumasula. Agogo aakazi anali atamwalira kale. Bambo ankagwira ntchito yomanga nyumba ku Lusaka, kubwera mwa apo ndi apo. Wamkulu pakhomo anali amayi, ndipo amayi kwa agogo anali mpongozi: chakudya ankatula patali atagwada, nkhope kumbali, mawu kudzera mwa ife ana. Mpongozi angafunse bwanji za mwendo wa apongozi ake?

Chaka china mvula yoyamba itagwa, ndinaona kuti maenje sakufanananso. Ena anali osaya moti mbewu inkaonekera. Agogo sankaimba. Ntchentche zobiriwira, zija za pa nyama, zinkawatsata pabondo. Kenaka ndinaona kanthu kofiira kakuyenderera pa mtengowo mpaka kunsonga.

"Agogo, mwendo wanu ukutuluka magazi."

"Ndi mlombwa uwu, chitsiru iwe! Sudziwa kuti mlombwa umakha madzi ofiira? Ponya mbewu!"

Ndinakhulupirira, chifukwa ndinali nditaonapo mlombwa wotemedwa ukuchucha ngati mbuzi yophedwa. Ndinakawafotokozera amayi ngati chinthu choseketsa. Iwo anasiya musi uli m'mtondo. "Mtengo wouma zaka zonsezi ukhe madzi?" Anandituma kukafunsa agogo ngati angalole kuti bambo aitanidwe. Yankho lake amayi analimva okha ali kumtondo komweko, sindinachite kubwera nalo.

Sabata isanathe, agogo anagwa pakati pa mzere, chafufumimba. Ndinakuwa. Amayi anabwera akuthamanga, chikwakwa chili m'manja, ndipo anachita chimene mudzi wonse unakamba mpaka kukolola. Anagwada pafupi ndi apongozi awo, n'kuwagwira ntchafu, n'kulowetsa chikwakwa kunsi kwa malamba.

"Mpongozi!" agogo anakuwa, thupi likunjenjemera ndi kutentha. "Manyazi mulibe?"

"Manyazi ndidzachita mawa, apongozi."

Malamba anaduka. Mwendo unasololoka, ndipo fungo limene linatuluka mmenemo linandibweza chambuyo. Mkati munali nsanza zoumbika ndi mafinya. Pambali pa chitsa panali bowo loti chala changa chikanalowa chonse, m'mphepete mwake mwakuda. Ndinatola mwendowo kuti ndiuchotse pamatope, n'kusuzumira m'chikho muja. Ndinaona kamfundo ka mtengo, kakang'ono ngati nsawa, kotukuka pang'ono, kosalala ndi konyezimira chifukwa chokhulana ndi fupa la munthu zaka ndi zaka. Kuyenda konyada konse kuja, nyimbo zonse zija, ankaponda pa kanthu aka!

Anawatengera kuchipatala pangolo. Bambo atafika anatenga chibenthu cha botolo n'kupala kamfundoko, kuti agogo akabwera adzapeze mwendo wabwino. Ntchitoyo inatha chimanga chimene ndinaika pamoto chisanapse. Agogo sanabwere. Chilondacho chinali chitalowa kale m'magazi.

Tsopano mverani za mwendo wanga. Ndili ndi mdzukulu, Taonga, mwana wa mwana wanga wamkazi. Amakhala ku Silverest, ndipo akuphunzira ntchito pamalo ena ku Lusaka opangira miyendo ndi manja oikirira. Mphunzitsi wake anamulola kuti chikho cha mwendo wanga achiumbe iyeyo pakompyuta, mphunzitsiyo akuyang'anira. Anafika Loweruka lina pa minibasi, fumbi mpaka m'nsidze, laputopu ili m'chikwama.

"Amuna anga, chosani nsalu iyo nione," anatero, monga amachitira adzukulu posereula.

"Mkazi wanji wofika chimanjamanja, wongofuna kuona zilema?"

"Nabwela na mwendo, mufuna chani futi? Khalani zii, musagwedezeke."

Anazungulira chitsa changa ndi foni, pang'onopang'ono ngati akufuna kugwira nkhuku. Atatsegula laputopu ndinalumpha, ndikadakhala ndi miyendo iwiri ndikadathawa. Chitsa changa chinali mmenemo! Chikuzungulira chokha m'malere, chopanda mwini, ndi chipsera chomwe cha pamene anasoka. Ndinachita kugwira changa chenicheni kuti nditsimikize kuti chikadalipo.

Masabata otsatira ankabwera Loweruka lililonse, kukhala pakhonde, ine ndikuonerera. Anandiuza kuti chaka chonse choyamba ankajambula mabokosi, mapaipi ndi mabawuti, zinthu zimene umangouza kompyuta kutalika ndi kufupika kwake, iyo n'kupanga. "Manje mwendo wanu, Ambuya, ulibe laini yowongoka olo imozi. Uli monga mwini wake." Ankajambula mizere yokhotakhota yozungulira chitsacho, wina pamwamba pa unzake ngati mmene timamangira nkhokwe, kenaka kompyuta n'kuyala khungu pamwamba pa mizereyo. Kunja kwa khunguko kunkayandama timadontho. Akakoka kamodzi, khungu linkatsata ngati chikopa chonyowa, ndipo akakoka mopitirira, mbali ina inkachita makwinya. Kuti aone ngati pasalala, ankavalika chinthucho mizere yakuda ndi yoyera ngati mbidzi. Pamene mizere yathyoka, pamenepo pali chotupa chimene diso silingaone.

Zinkamukanika, ndisakunamizeni. Tsiku lina khungu linang'ambika kumbuyo kwa bondo. Tsiku lina batire linatha ntchito asanaisunge, ndipo mawu amene anatulutsa sindingawalembe. Mphunzitsi wake anamubwezera ntchito akuti timadontho tachuluka, achotse tina, chifukwa timadontho tambiri timabala mabampu. Ine ndinkaseka. "Agogo anga anasema ndi kasemasema, opanda batire!" Iye ankangoluma mlomo n'kuyambiranso.

Pomaliza makina ena ku Lusaka anaumba chikhocho ndi pulasitiki, n'kuikako chitsulo ndi phazi. Anandiveka mphunzitsi uja alipo. Anandiyendetsa uku ndi uku, n'kufunsa ngati pali pamene pakupweteka. Taonga anali chilili pakona, manja atagwira pakamwa. Ndinati palibe. Lamulungu ndinalowa m'tchalitchi wopanda ndodo, ndinauza aliyense, ngakhale amene sanafunse, kuti mdzukulu wanga ndiye wapanga.

Koma panali pamalo. Kunja kwa mwendo, pansi pa bondo pang'ono, pali kafupa kotukuka. Pamenepo pankaotcha ngati msomali wochokera pamoto. Ndinkati pazolowera. Ndinapinda kansalu n'kutsekerapo, ndipo madzulo ndinkavulira m'chipinda, osayang'ana.

Loweruka Taonga anabwera, n'kundiuza kuti ndiyende mpaka pamtengo wa mango. Ndinayenda chilili ngati msilikali.

"Chibaba pati?" anafunsa, kutanthauza pamene pakupweteka.

Ndinamenya pulasitikiyo ndi chikhatho, phwa! "Unapanga kamodzi, wandikwana!"

Phokoso la chikhatho changa lomwe linandikumbutsa agogo Yelemiya. Dzanjalo linali langa, koma mawuwo sanali anga.

"Awe, Ambuya," anatero, osasekanso. "Ba ticha banakamba ati yoyamba siikwana munthu aliyense, ni yoyesela chabe. Ine nikali kuphunzila. Kompyuta siimvela kubaba, imvela vamene naiuza, na ine nimvela vamene mwaniuza imwe. Mukaninamiza nizapanga boza yosalala bwino, bazakudulani futi, ndiye nizankhala ine wamene nadula ambuya banga."

Ine ndinkaganiza kuti pobisa ndikumusungira ulemu mwanayu, kuti asaoneke wolephera pamaso pa mphunzitsi wake. Sindinaganizepo kuti ndikumusenzetsa mtembo wa mwendo wanga.

Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo, masana dzuwa likuswa mtengo, amayi ena akudutsa ndi zigubu kupita kumjigo. Ndinavula. Kansalu kaja kanagwa. Pa kafupa paja panali pofiira ngati tomato wakupsa, khungu lowala, lotsala pang'ono kuphulika. Taonga anakuwa, "Mayo!"

"Apa," ndinatero. Sindikudziwa ngati ndinalankhulapo motsitsa chotero chibadwire.

Anajambula malowo ndi foni n'kutumiza kwa mphunzitsi wake, amene analamula kuti ndisavalenso kufikira kufiirako kutatha. Kenaka anatembenuza chitsa cha pakompyuta chija mpaka kafupa kaja kanayang'ana kwa ife. Anasankha kadontho kamodzi, n'kukakokera kunja pang'ono, mwina ngati njere ya mapira. Khungu linatsata, n'kusiya kamalo koti fupa lipumire. Mizere ya mbidzi inathyoka, iye n'kusuntha timadontho toyandikana nako mpaka inayendanso bwino.

"Basi?" ndinafunsa.

"Basi."

"Kanthu kameneka ndi kamene kakanandidulitsa bondo?"

"Kameneka, Ambuya."

Tsiku lonselo sindinatulutse mawu. Madzulo aneba anatuma mwana kudzafunsa ngati pakhomo pano pali matenda, chifukwa mbuzi zinalowa m'khola popanda wozikalipira.

Chikho chimene ndavala lero si chachiwiri, tabwereza kale kangapo, ndipo akuti chitsa chimaphwa pakapita nthawi, tidzabwerezanso. Madzulo aliwonse, kusanade, ndimakhala pakhonde loyang'ana kumsewu, kuvula mwendo, n'kuyendera chitsa changa mbali zonse ndi kagalasi kamene ndinatola kwa okonza maminibasi. Odutsa amayang'ana. Ayang'ane. Ndikaona kofiira ngakhale kochepa ndimaimba foni nthawi yomweyo, ndipo Taonga amati akayankha amaiika patali ndi khutu. Sabata yatha anandiuza kuti, "Amuna anga, manje mwachilamo kudandaula, monga kamwana."

"Koka kadontho, mkazi wanga," ndinamuyankha. "Kumanda ndikufuna ndikafike ndi bondo langa."