Mphuno ya Atelala

Atelala a pakona ankakonda wisiki wa ku Sikotilandi, uja wa chimera cha balere chokhachokha, wotchezedwa pa fakitale imodzi. Sanali chidakwa ayi. Mabotolo ankawasonkhanitsa pang'onopang'ono m'kabati ya kuseri kwa makina osokera, ndipo Loweruka akaweruka ankathira pang'ono m'tambula, n'kudonthezamo madzi, n'kuyamba kununkhiza. Uyu ankati akumveka utsi, uyo uchi, winayo mphepo ya kunyanja.

Kenako anadwala chimfine choopsa chimene chinawagoneka m'chipatala. Kuchira anachira, koma mphuno inafa. Atatuluka, mwana wawo wamkazi anawatsegulira botolo limene iwo ankaliumira kwa zaka zambiri.

"Bwanji ababa, mukumva chiyani?"

Ananunkhiza, n'kulawa. "Akungowotcha kukhosi, mwanawe. Basi."

Adokotala anati mwina fungo lidzabwerera, koma silinabwerere. Mkamwini wawo anayamba kubwerabwera, n'kumasakaniza wisikiyo ndi zakumwa zotsekemera, uku akuyamikira kuti amaledzeretsa msanga. Atelala sankamuletsa. Obwera kudzasoketsa zovala anangoona kuti nthabwala zawathera, ndipo shopu anayamba kutseka dzuwa likadali pamutu.