Pulogalamu ya Maliro a Ba Petronella

Ku Kabwata munthu akamwalira, uthenga unkayamba kufika kwa abusa, kenako kwa Ba Killian Mwenya. Amiseche amati nthawi zina unkayambira kwa Ba Killian, abusa n'kumvera m'mphepo, koma zimenezo tisalimbane nazo. Nkhani ndi yakuti bambowa ndiwo ankasindikiza mapulogalamu a maliro a mumpingo mwawo: chithunzi cha malemu pamwamba, mbiri yake mkati, kenako nyimbo ndi mayina a oika nkhata.

Anabwera ku Lusaka kuchokera ku Mansa ali mnyamata woonda ngati ndodo, napeza ntchito yotayipa mu ofesi ina ya boma m'tauni. Anatayipa makalata a mabwana mpaka imvi zinamera, ndipo palibe kalata ngakhale imodzi imene inatuluka ndi dzina lawo. Atapuma pantchito anagula kompyuta yakale ndi pulinta. Ogulitsa anawalangiza kuti atenge ya inki ya ufa wakuda wokhawokha, yolimba, yosavuta. Iwo anakana. Ankafuna ya inki yamitundu, chifukwa, mwa kunena kwawo, munthu sangakhale moyo wake wonse atavala chitenje chofiira, n'kudzatsanzika anthu ali wotuwa ngati phulusa. Anali munthu wa makani, ndipo pa nkhani imeneyi makaniwo anali ndi mutu.

Sankalipiritsa. Ofedwa ankangobweretsa mapepala ndi chithunzi, iwo n'kuwakhazika pampando, n'kuyamba mafunso awo osatha. Anabadwira kuti? Ankakonda nyimbo iti? Nanga dzina lakeli ndi Mpundu kapena Mpunda? Anthu ankatopa nawo, komabe ankatuluka m'nyumbamo mtima utapepukako. Amayi a mumpingo ankasunga mapepalawo m'mabaibulo mpaka mabaibulo kufufuma osatsekeka.

Kenaka kunabwera mafoni. Chithunzi cha malemu chinayamba kuzungulira pa WhatsApp mtembo usanafike n'komwe kumochale. Ana a kumayadi a olemera ku Woodlands ndi ku Kabulonga, akafuna pepala, ankapita kumashopu a m'tauni kumene amasindikiza zonyezimira. Pakhomo pa Ba Killian panayamba kuzizira. Iwo sanadandaule pagulu, koma zinawapweteka, ndipo pulinta ija anaifunditsa chitenje ngati mwana wagona. Chaka chotsatira akazi awo, Ba Petronella, anadwala impso. Amayiwa ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde, ndipo anali okhawo amene ankatha kuuza Ba Killian kuti akhale chete iwo n'kukhaladi chete. Matendawo anatenga miyezi yambiri. Ba Killian anaphunzira kuphika phala ndi kusambitsa munthu wamkulu, za pulinta anaiwalako.

Ba Petronella anamwalira m'nyengo yozizira, mu Juni. Mipando anaitulutsa panja, amayi anadzaza pabalaza, abambo anazungulira moto pansi pa tenti. Ba Killian anakhazikidwa pamatiresi kuchipinda, monga mwa mwambo wa kwawo: wamasiye sagwira ntchito, satuluka pakhomo, amakhala pansi pa maso a abale a mkazi mpaka maliro ataikidwa. Woyang'anira zimenezi anali Ba Lukonde, mchimwene wa malemu, amene anachokera ku Kitwe ndi nkhope yosaseka.

Kutatsala tsiku limodzi kuti aike maliro, Ba Killian anaitana mwana wawo wamkazi, Tanya, wogwira ntchito kubanki, namufunsa za pulogalamu.

"Dadi, napanga kale pa foni," anayankha Tanya. "Nizatuma pa gulupu ya chalichi. Aliyense ali na foni masiku yano."

"Ba Anita, banzawo ba mami bako, alibe. Ba mayo ba ku kwaya, bambili balibe."

"Bazaona pa foni ya banzawo. Osazivutisa, dadi, pumulani."

Mwanayo sananene mwamwano. Anali atatopa, maso atatupa, akuthamangathamanga ndi za bokosi ndi mabasi. Koma Ba Killian zinawalasa mumtima. Anali atasindikizira anthu amene sanawadziwe n'komwe, zidakwa ndi ana akhanda omwe. Ndiye mkazi wawo yekha apite wopanda pepala, nkhope yake ingowala pagalasi la foni n'kuzima?

Anapempha Ba Lukonde kuti awalole kuyatsa kompyuta m'chipinda momwemo.

"Ba mulamu, imwe simufunika kugwila nchito," anatero Ba Lukonde. "Bantu bazakamba ati chani? Nkalani pansi."

Anakhala pansi. Koma m'mawa womwewo Ba Lukonde atapita kukaona za manda ku Leopards Hill, iwo anavundukula chitenje chija. Mbiri anailemba mosavuta, poti sanafunike kufunsa munthu. Chithunzi anasankha cha pa ukwati wa Tanya, pamene Ba Petronella anavala duku la buluu n'kumaseka chammbali. Pulinta inakhosomola, inameza pepala, n'kulavula mizeremizere yobiriwira, pamalo a nkhope pali kachigamba kotuwa. Anayesanso, anapukuta, anagwedeza tizibotolo take. Inki inali itauma m'kati chifukwa chokhala nthawi yaitali osagwira ntchito. Izi ankazidziwa bwino, ankachenjeza nazo anzawo, koma m'miyezi ya matenda ija ndani akanakumbuka?

Anavala jekete, anaika kafulashi kosungira pulogalamuyo m'thumba, natulukira kukhomo la kukhitchini. Amayi amene ankatsuka mbale kuseri anawaona, anayang'anizana, kenako anapitiriza kutsuka. Ba Killian ankadziwa kuti akulakwira akuchikazi, ndipo mlandu wake adzaumva. Anakwera minibasi ya kutauni.

M'mashopu a mu Cairo Road anangomva yankho limodzi: inki ya mtundu umenewo inasiya kubwera kalekale. Pomaliza analowa m'kashopu kena kopanikizana chakufupi ndi msika, kumene anapeza mtsikana wa dzina loti Imelda, lolembedwa pachifuwa. Anamuuza kuti akufuna pulinta yatsopano, yamitundu, lero lomwe.

Mtsikanayo anawaonetsa zimene zinalipo: iyi yothira inki m'matanki, iyi ya inki ya ufa imene siuma ngakhale itakhala chaka, iyi yolumikiza ndi foni. Ba Killian ankagwedeza mutu osamva kanthu.

"Ba tate, mumapulinta kangati pa mwezi?" anafunsa Imelda. "Ndiye tizaziba yamene izakuyenelani."

Funso linali labwinobwino, la ntchito. Ba Killian anatsegula pakamwa kuti anene za mpingo wonse wa ku Kabwata, koma bodza linawakanika. Panalibenso wobwera pakhomo. Ntchito inatsala imodzi yokha.

"Ni kamozi chabe," anatero. "Ni pulogalamu ya malilo. Ya bakazi banga."

Imelda anabweza bokosi limene anali atatsitsa.

"Pepani maningi, ba tate. Osagula mashini. Nipaseni fulashi, nizamupulintilani pano."

Zinawawawa kupereka kafulashiko. Moyo wawo wonse anali asanaperekepo ntchito yawo m'manja mwa wina. Komabe anaima kumbuyo kwa mtsikanayo n'kumamulondolera: chithunzi chikwere pang'ono, dzina likhale lalikulu, Petronella ndi ma l awiri. Imelda sanatope nawo. Makina aakulu a pakona anayamba kulira, ndipo nkhope ya Ba Petronella inatuluka, duku la buluu lili buluu ndithu, kumwetulira kuli komweko. Inatuluka ina, inanso, mulu n'kumakwera. Ba Killian anagwira pepala limodzi likadali lofunda. Linali labwino kuposa onse amene iwo anasindikizapo, ndipo anavomereza zimenezo mumtima mopanda nsanje.

Imelda anasanja mapepalawo pathebulo.

"Nipinde, ba tate? Sizatenga ntawi."

"Iyayi, mwana wanga, siya," anayankha Ba Killian, maso ali pa chithunzi. "Bazapinda ba mayo ku nyumba. Ndiye nchito yawo."

Anawatuluka okha mawuwo, monga ankatulukira zaka zonsezo ofedwa akafuna kuthandiza. Ba mayo ankanenawo anali akazi awo: iwo ankasindikiza, Ba Petronella n'kumapinda pathebulo losokera, akusalaza mzere ndi msana wa sipuni. Mtsikanayo anakweza maso, nawatsitsanso msanga. Sanawakumbutse kuti amayiwo ndi amene anali pachithunzipo. Anakulunga mapepalawo osapinda m'chipepala chakhaki, nawapatsa ndi manja awiri.

Ba Killian anazindikira zimene ananena ali kale pakhomo la shopu, koma mphamvu zobwerera analibe. Mu minibasi ya ku Kabwata anakhala pafupi ndi zenera, mtolo uli pamiyendo. Anasolola pepala limodzi, naligoneka pabondo, nayesa kulipinda. Makona anakana kukumana. Analitambasula, nayesanso, ndipo mzere unadutsa chopendekera n'kudya mbali ya duku. Mayi wina amene anakhala pambali pawo anayang'ana chithunzicho, nayang'ana mkuluyo.

"Munali kubaziba?" anafunsa motsitsa.

Ba Killian anavomera ndi mutu. Anasolola pepala lachiwiri, nayamba kulipinda.