Denga Limene Bambo Ankazengereza Kufolera

Lero pamsika ku Cuamba ndamva fungo la lona lotenthedwa ndi dzuwa, n'kukumbukira zakale.

Titabwerera kwathu ku Ngauma ku Mozambique kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, tinkagona pansi pa lona lobooka. Makoma tinamanga, udzu mayi anamweta, koma za kufolera bambo ankangoti, "Mawa." Chiswe chinayamba kudya mitolo ija.

Tsiku lina masana kumwamba kunada bii. Mng'ono wanga wakhanda ankatsokomola.

"Bambo a ana, mukudikira chiyani?" anafunsa mayi.

"Ndikafolera, nkhondo n'kuyambiranso, adzatitentheranso nyumba," bambo anayankha chapansipansi.

"Akatentha tidzamwetanso. Mwanayu sangadikire."

Bambo anayang'ana khandalo, kenako anakwera padenga. Bingu linagunda kuphiri.

"Tandiponyera mtolo, mwanawe! Fulumira!"