Chisakasa cha a Leon

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anatsala pang'ono kuphwasula chisakasa cha eni ake ndi manja awo. Tinkakhala kutsidya kwa nyanja, ku Govanhill, m'nyumba zosanjikizana zija zomwe masitepe ake amanunkhira ndiwo za mitundu yonse. Amayi anali namwino pa chipatala cha ku Govan, ndipo chilolezo chawo chogwirira ntchito chinali pafupi kutha. Anali atapempha china, koma yankho kuli zii. Choncho lamulo la m'nyumba mwathu linali limodzi: osaputa aliyense, osatchuka pa chilichonse.

Pansi pathu pankakhala a Leon ndi akazi awo a Esther, Ayuda okalamba. Anzawo ambiri anali atasamukira kunja kwa mzinda, koma iwo anakakamira pomwepo. A Leon anali a chipani china chaching'ono, cholimbikira zoti lendi itsike komanso kuti othawa kwawo asamapirikitsidwe. Kupambana chisankho ayi ndithu. Eni akewo ankaseka okha, amvekere, "Chipani chathu chonse chitha kukwera basi imodzi, mipando n'kutsala."

Amayi ankawalonjera mwaulemu, koma kapepala ka chipanicho kakalowa pakhomo pathu, ankakatola ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Iwo anakulira kwathu nthawi ya chipani chimodzi. Amalume anga anamenyedwa pamsika chifukwa chosowa khadi la chipani, ndipo khutu lawo lina silimva mpaka lero.

Tsiku lina mu Okutobala, ndikuchokera kusukulu, ndinapeza a Leon kuseri kwa nyumba, pabwalo loyanika zovala, akulimbana ndi matabwa. Ndinawagwirira makwerero, n'kumawapatsira nthambi zofolera. Manja ananunkhira utomoni, ine kukondwa koopsa.

Amayi ataweruka anasuzumira pawindo la kukhitchini, n'kuima chilili.

"Iwe Tadala, chisakasa icho n'chachiyani? Kwagwa zovuta? A Esther?"

"Ayi, ali bwinobwino. Ndamanga nawo ine! Akuti kubwera alendo sabata yonse."

Amayi anakhala pampando, chikwama chili paphewa. Kwathu, anatero, chisakasa cha masamba chimamangidwa pamaliro kapena pamsonkhano. Ngati palibe wamwalira, ndiye kuti ndi msonkhano wa chipani chotsutsa boma, pabwalo lathu lomwe, ndipo anthu onse a m'mawindo aona mwana wa mlendo akumanga nawo.

"Mayo ine! Mwana iwe wandipha. Apolisi akabwera ayamba ndi ndani? Tikwera ndege ife!"

Anatsika masitepe ali mu yunifomu, ine pambuyo. Anafika n'kugwira mzati wa chisakasa, koma ulemu wa kwathu unawakanikiza. Anapepesa kaye, kenako anapempha kuti msonkhanowo akachitire kwina, chifukwa iwo ali ndi mwana ndipo mapepala awo ali m'manja mwa boma.

 A Leon sanaseke, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha chimenecho.

"Mayi, taonani kumwambaku. Denga lodontha chonchi, ndani angachitiremo msonkhano? Timasiya mipata dala kuti thambo lizioneka. Makolo athu atatuluka ku Igupto anagona m'misasa m'chipululu, ndiye chaka chilichonse timadyera panja sabata imodzi kuti tisaiwale."

Amayi ndi mwana wa mkulu wa mpingo. Anasiya mzati uja pang'onopang'ono.

"Madyerero a misasa? A m'Levitiko aja? Zimachitikadi?"

Anaseka mpaka misozi, atagwira pachifuwa. Zinthu zomwe ankawerenga ku Sande sukulu ali kamtsikana zinali zitaima pakati pa zingwe zoyanikira ndi mabini a zinyalala. Koma a Leon sanali munthu wobisa mawu.

"Wandale mmodzi abwera ndithu mawa. Ndi khansala amene anandigonjetsa, wa chipani chachikulu. Amadya ngati dzombe. Mubwere mudzandithandize kumuletsa."

Kuseka kwa amayi kunathera pomwepo. Komabe kukana kuitana kwa munthu wamkulu sakanatha. Mawa lake madzulo tinatsika ndi mbale ya zipatso, poti a Esther anali atatiuza kuti zophika za kwina sadya chisawawa. Tinakhala mothithikana, majekete ali m'thupi, mvula yowaza ikudontha mu supu.

Khansalayo anali bambo wonenepa wa mawu ngati beru. Asanamalize n'komwe mbale yoyamba, mkangano wa lendi unabuka. A Leon anamenya tebulo n'kumuuza kuti chipani chake chagulitsa amphawi. Iye anabweza kuti a Leon ndi wolota masana. Amayi anandigwira pamkono mwamphamvu moti zikhadabo zinalowa, maso awo ali pakhomo lotulukira kumsewu.  A Esther, osatekeseka, ankangowonjezera supu.

Palibe wapolisi amene anabwera. Khansala anapukuta pakamwa, anayamika chakudya, kenako anagwira a Leon pamkono kuwathandiza kukwera masitepe oterera, uku akukanganabe. Apo m'pamene amayi anandisiya mkono.

Chilolezo chija chinabwera patapita milungu ingapo, ndipo tinathokoza Mulungu. Koma ine ndikudziwa tsopano kuti mpumulo weniweni wa amayi sunabwere ndi chilolezocho. Mantha ena munthu amawoloka nawo nyanja, ndipo sachoka ndi kuuzidwa ayi, mpaka aone yekha ndi maso. Ine ndinakulira kumene kutsutsa wolamulira n'chinthu wamba. Iwo anafika zaka makumi anayi asanaonepo munthu akunyoza wa boma pamaso, n'kudzuka m'nyumba mwake mawa lake.

Tikukwera kwathu usiku wa mkangano uja, anaima pakati pa masitepe n'kundifunsa chonong'ona, ngati mwana ndi iwowo.

"Ndiye basi? Angopita kukagona?"

"Basi, amayi."

"Ha! Amalume ako akanaona."