Kachinkhwe kaboola dengu la Amayi

Mwaswera bwanji nonse.

M'mawa uno ndatola kachinkhwe kobiriwira, kofiira kumutu, katanyowa ndi mvula pansi pa mpeyala wathu. Kakuoneka koweta, sikanandithawe. Ndakavundikira ndi dengu lija malemu Amayi ankathyolera tiyi, n'kupita kumsika ku Chinakanaka.

Pobwera ndapeza kaboola dengulo ndi mlomo. Mtima wangoti myuu, mukudziwa mmene Ababa amalisamalira. Koma ndawapeza pakhonde, kambalameko kali paphewa, akukadyetsa mapira uku akucheza nako. Ababa omwe aja, amene chimwalirireni Amayi amangoyankha "eya" ndi "ayi".

Tsopano wakabaza wina wandiuza kuti ku Chonde kuli mayi akufunafuna mbalame yake yotereyi. Ababa sindinawauze, ndikungozungulira pabwalo.

Achimwene, Achemwali, tikabweze? Ngati ndi choncho, abwere wina adzakachotse paphewapo. Ine sindingathe.